Beast sadapatsidwe jezi ya Springboks, adaigula ndi khosi lake

Ngati mudaonako kavidiyo ka rugby pa Facebook kapena TikTok, mwina ndi aka: mpira uli m'mwamba, osewera wa timu ya Sharks, Anton Bresler, wanyamulidwa kuti auwakhe, koma akupendekera chagada, mutu kuloza pansi. Amene wamunyamulayo sakumutaya. Wamugwira kabudula basi, chimunthu cha makilogalamu oposa 100 chili lende kumsana kwake, mpaka akuchibweza bwinobwino. Zidachitika mu 2012, ndipo wonyamulayo ndi Tendai Mtawarira, amene dziko lonse limangomutchula kuti Beast.

Kavidiyoko n'kokoma, sindikana. Koma ntchito yomwe mkuluyu ankadyera simo m'menemo. Ndipo nkhani yake ikabuka, anthu amakonda kugawikana pawiri. Ena amati adathawa kwawo ku Zimbabwe n'kukavala jezi ya eni. Ena amati South Africa ndi dziko la mtima wabwino, lidatola mwana wa ku Harare n'kumupanga munthu, ndiye aliyense wopita ku Joni angolimbikira, zake zidzayera. Ine onsewa ndimawatsutsa. Palibe adamuchitira chifundo Beast. Jezi ija adailipira, ndipo mtengo wake ambirife sitingaukwanitse.

Poti kwathu kuno mpira ndi wa Bullets ndi Wanderers, ndiyambe ndafotokoza kuti prop amatani, chifukwa popanda zimenezi nkhani yonse siimveka. Timu ya rugby imakhala ndi osewera 15. Pakachitika kacholakwa kakang'ono, monga mpira kupulumuka m'manja n'kugwera kutsogolo, oyimbira amaitanitsa scrum. Osewera asanu ndi atatu a timu iliyonse amakolekerana, kuwerama, n'kugundana mapewa ndi anzawo a mbali inayo, kenako kukankhana kulimbirana mpira womwe waponyedwa pakati. Kutsogolo kwa gulu lililonse kumakhala anthu atatu: nambala 1, nambala 2 ndi nambala 3. Awiri a m'mbaliwo ndiwo ma prop. Beast ankavala nambala 1, kumanzere, ndipo ankayang'anizana ndi nambala 3 wa timu inayo.

Pa magemu a mayiko, anthu asanu ndi atatu amenewa akaphatikizana amalemera makilogalamu pafupifupi 900. Amenewo ndi matumba 18 a chimanga. Kumbuyo kwako kukukankha matumba 18, kutsogolo kukubwera ena 18, ndipo zonsezi zikudutsa pakhosi, pamsana ndi m'miyendo mwako. Ukagwa, ukadzuka, kapena ukakhotetsa thupi, oyimbira amapereka penate kwa anzako, ndipo penate ikamenyedwa bwino ndi mapointi atatu. Ndiye prop wabwino amawinitsa timu osaugwira n'komwe mpira. Beast adasewera magemu 117 a Springboks ndipo adagoletsa ma try awiri okha. Munthu wozolowera kuwerenga zigoli angaseke, eti magemu onsewo ziwiri basi? Koma palibe prop wina m'mbiri ya dziko lija amene adavala jeziyo kochuluka chomwecho.

Chodabwitsa n'choti iyeyu sadakule ngati prop. Adabadwira ku Harare pa 1 August 1985, adaphunzira ku Churchill School kenako ku Peterhouse, ku Marondera, ndipo kusukulu ankasewera kumbuyo kwa scrum, malo a anthu othamanga ndi mpira. Atafika ku Durban, kusukulu yosulira osewera ya Sharks, mphunzitsi Dick Muir ndi amene adaona kuti tsogolo la mnyamatayu lili kutsogolo kwa scrum. Tangoganizani, munthu wadutsa zaka 20, uli m'dziko la eni, akukuuza kuti zonse zomwe umadziwa uzisiye, uyambe kuphunzira ntchito yomwe anzako adaiyamba ali ku pulayimale. Scrum si nkhani ya mphamvu zokha. Pali kaimidwe ka mapazi, kagwiridwe ka jezi ya mnzako, malo oika mutu, ndi timachenjera tambirimbiri tomwe akamuna akale m'ntchitoyi amabisa kwa oyimbira. Ma prop ambiri amakhwima atayandikira zaka 30. Beast adayamba kusewera mu Super Rugby mu 2007, ndipo pa 14 June 2008 adavala jezi ya Springboks koyamba, polimbana ndi Wales ku Pretoria.

Tsiku limeneli muliike pambali pa lina. Mwezi umodzi m'mbuyo mwake, mu May 2008, zipolowe zothamangitsa alendo zidabuka ku Alexandra, mu Johannesburg, n'kufalikira madera ena. Anthu oposa 60 adaphedwa. Azimbabwe, Amozambiki, Amalawi ndi ena adathawira kupolisi ndi m'matchalitchi, ena adakwera mabasi kubwerera kwawo chimanjamanja. Dziko lomwelo, patangopita milungu yochepa, lidadzaza bwalo kukaombera m'manja Mzimbabwe. Ndikamati nkhani ya Beast si umboni wa mtima wabwino wa dziko, ndimayambira pamenepa.

Chaka chotsatira ndiye chidamupanga dzina. Timu ya British and Irish Lions, yomwe imasonkhanitsa akatswiri a England, Scotland, Wales ndi Ireland, imafika ku South Africa kamodzi pa zaka 12. Gemu yoyamba ya 2009 idali pa 20 June ku Durban, pabwalo la Sharks lomwe. Moyang'anizana ndi Beast, yemwe adali ndi zaka 23, mudali Phil Vickery, mkhalakale amene adatenga chikho cha dziko lonse ndi England mu 2003 ndipo adatsogolera dzikolo kufika mu ndime yotsiriza mu 2007. Zomwe zidachitika tsikulo anthu a rugby amazikambabe. Scrum iliyonse Vickery ankangotukulidwa m'mwamba ngati chitsa chozulidwa, oyimbira n'kumuimbira penate. Chigawo chachiwiri chitangoyamba kumene, aphunzitsi ake adamutulutsa. South Africa idapambana 26-21, ndipo idatenga mpikisano wonse 2-1.

Kunena chilungamo, Angerezi ena mpaka lero amati Beast ankalowa chopingasa, zomwe malamulo salola, ndipo oyimbira, Bryce Lawrence, adalekerera. Komanso pa gemu yachitatu Vickery adabwerera n'kuchita bwino. Ine zimenezi sizindivuta. Mu scrum mulibe woyera mtima, aliyense amaba mpaka pomwe oyimbira akuona. Chofunika n'choti mwana amene adaphunzira ntchitoyi dzana adapinda katswiri wa dziko lonse anthu akuona. Kuyambira pamenepo, Beast akangogwira mpira, bwalo lonse linkabangula dzina lake mokoka, mawu okhuthala ngati ng'ombe zikulira m'khola. Azungu a ku Durban, omwe makolo awo ankaona jezi ya Springbok ngati chuma cha mtundu wawo wokha, ankaimba dzina la munthu wakuda wochokera kutsidya kwa Limpopo.

Ndiye pakubwera nkhani ya mapepala, yomwe aliyense amene ali ndi m'bale ku Joni amaidziwa bwino. Malamulo a rugby pa nthawiyo ankati munthu akakhala m'dziko zaka zitatu, atha kuliimira. Beast adali atakwanitsa. Koma pasipoti yake idali ya Zimbabwe, ndipo kumapeto kwa 2009 unduna wa zamasewero udayamba kufunsa chifukwa chomwe mlendo akuvalira jezi ya dziko. Butana Komphela, phungu wa ANC amene ankatsogolera komiti ya zamasewero ku Nyumba ya Malamulo, adafika poopseza kuti mkuluyu athamangitsidwe m'dzikomo. Munthu woti wasewera magemu pafupifupi 20, wagonjetsa Lions, watenga chikho cha Tri Nations mu 2009, adasanduka mlendo wopanda chilolezo m'kamwa mwa andale. Mu June 2010, mwezi womwe South Africa inkalandira alendo a dziko lonse ku World Cup ya mpira wamiyendo n'kumalengeza kuti chikhochi ndi cha Africa yense, Beast adamusiya kunja kwa timu chifukwa sadali nzika.

Unzika udatuluka kumapeto kwa mwezi womwewo, kudzera kwa nduna yoona za m'dziko, Nkosazana Dlamini-Zuma. Apa ndi pomwe anthu amati, mwaona, dziko lidamukumbatira. Ine ndimati dziko lidawerengera. Mpikisano wa Tri Nations udali pakhomo, World Cup ya rugby idali chaka chotsatira, ndipo munthu wokankha ngati iyeyu samera paliponse. Kumbuyo kwake kudali bungwe la rugby la dziko lonselo, nyuzipepala, ndi anthu zikwizikwi omwe ankafuula dzina lake Loweruka lililonse. Ndi zonsezo, nkhaniyi idatengabe miyezi yoposa isanu ndi umodzi, ndipo adaphonya magemu. Nanga mnyamata wa ku Mangochi amene akusoka zovala kapena kutchetcha kapinga mu Durban momwemo, pasipoti itadutsa masiku, angamuimbire foni ndani?

Funsoli si lopeka. Mu April 2015, mumzinda womwewo wa Durban, alendo adathamangitsidwanso m'nyumba zawo. Amalawi ambiri adakagona m'misasa ku Isipingo ndi ku Chatsworth, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukawatenga. Mtunda wochoka kumisasa imeneyo kukafika kubwalo la Kings Park ndi woyenda mphindi zochepa pagalimoto. Nyengo ya Super Rugby idali m'kati. Choncho aise, musanagawire anzanu chithunzi cha Beast ndi mawu akuti kulimbikira kumatsegula zitseko zonse, kumbukirani kuti anthu a m'misasa aja nawonso adali olimbikira. Kusiyana kwake n'koti ntchito yawo ikatha, bwana amapeza wina mawa lomwe. Ya Beast adasowa womulowa m'malo kwa zaka khumi.

Zaka khumizo sizidali zosalala. Mkuluyu adali ndi vuto la mtima, womwe nthawi zina unkagunda mosalongosoka. Mu November 2012, timu ili ku Dublin kukonzekera gemu ndi Ireland, adathamangira naye kuchipatala, ndipo gemuyo sadasewere. Madotolo adamuthandiza, iye n'kubwerera mu scrum. Sindikufuna kuikometsera nkhaniyi, chifukwa rugby ili ndi chizolowezi choipa chotamanda anthu osewera akudwala, ndipo pali osewera akale ambiri omwe lero akuvutika ndi mitu komanso misana. Ndikungofuna muone kukula kwa bilu. Munthu woti mtima wake womwe udamuchenjeza adapitiriza kuika khosi pansi pa matumba aja kwa zaka zina zisanu ndi ziwiri.

Ku kalabu nako, ndimaona kuti anthu samupatsa ulemu wokwanira. Osewera ambiri a South Africa a msinkhu wake adapita ku France, England kapena Japan komwe ndalama zake n'zonona kuposa randi. Beast adakhala ku Sharks kuyambira pachiyambi mpaka 2019, magemu oposa 150 a Super Rugby mu jezi imodzi yakuda. Chikho cha m'dziko, Currie Cup, timuyi idatenga mu 2008, 2010 ndi 2013. Koma cha Super Rugby chidakana. Mu 2007 Sharks idaluza ndime yotsiriza pakhomo pawo 20-19, Bryan Habana wa Bulls atagoletsa nthawi itatha kale. Mu 2012 idakafikanso, koma itayenda maulendo ataliatali pakati pa Australia, Cape Town ndi New Zealand, Chiefs idaikwapula 37-6. Munthu amene ena amamutcha wothawa kwawo ndi yemwe adakhala pakhomo limodzi nthawi yaitali kuposa eni nthaka ambiri.

Tsopano za kuthawako. Ndimamvetsa kuwawa kwa Azimbabwe, chifukwa si Beast yekha. Tonderai Chavhanga adagoletsa ma try asanu ndi limodzi pa gemu yake yoyamba ya Springboks mu 2005. Brian Mujati, prop mnzake wa ku Peterhouse komweko, adasewera magemu 12 a Springboks mu 2008 asadapite ku Northampton. David Pocock adakulira ku Zimbabwe koma adatchuka mu jezi ya Australia. Mukawaika pamodzi anthu amenewa mumaona timu yomwe dzikolo likadakhala nayo. Zimapweteka ndithu.

Koma tiyeni tikambe ngati anthu odziwa mtengo wa ufa. Pomwe Beast ankachoka, chuma cha Zimbabwe chinkagwa, ndipo pofika 2008 ndalama ya dzikolo idali itasanduka mapepala wamba. Timu ya dziko, Sables, idali isadapiteko ku World Cup kuyambira 1991. Kudalibe ligi yolipira munthu kuti rugby ikhale ntchito yake. Ndipo prop sapangika ndi luso lobadwa nalo lokha. Amafuna chakudya chambiri tsiku lililonse, jimu, dotolo, mphunzitsi wa scrum, komanso anthu ena olemera ngati iye oti azikankhana nawo mlungu ndi mlungu. Akadakhala ku Harare, sitikadakhala ndi Beast wa Zimbabwe. Tikadakhala ndi chimnyamata china champhamvu chomwe chidasewerako bwino kusekondale, kenako n'kukafuna ganyu. Ife Amalawi sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi. Osewera mpira wathu akapeza timu ku South Africa timavina, ndipo asungwana athu a netiboli ndi mpira wamiyendo akapita kunja timati atiimirira. Kusiyana n'koti iwo amabwera kudzavala jezi ya kwawo, pomwe m'rugby ya nthawi imeneyo njira yokafika pamwamba idali yodzera mu jezi ya eni.

Mu July 2025 Sables idagonjetsa Namibia 30-28 ku Kampala n'kupeza malo ku World Cup ya 2027 ku Australia. Ndidakondwa nazo. Koma mayeso enieni a Zimbabwe si chikho chimenecho. Ndi oti mwana wa ku Churchill kapena Peterhouse amene ali ndi thupi la prop lero apeze chifukwa chokhalira, makamaka pano pomwe lamulo lija lidasintha ndipo munthu amadikira zaka zisanu, osati zitatu, asadaimire dziko lina.

Tibwerere ku jezi yobiriwira. World Cup ya 2011 idathera mu ndime ya matimu asanu ndi atatu, Australia itapambana 11-9. Ya 2015 ndi ija Japan idachititsa manyazi Springboks 34-32 ku Brighton, ngakhale timuyi idadzamaliza pa nambala 3. Zaka za 2016 ndi 2017 zidali zoipa kwambiri, mpaka New Zealand idawathira 57-0. Ambiri ankati m'badwo wa Beast watha, apume. Rassie Erasmus atatenga timu mu 2018 adamusunga. Pa 9 June chaka chimenecho Siya Kolisi adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Springboks pa gemu ya mayiko, ndipo Loweruka lotsatira, ku Bloemfontein, Beast adasewera gemu yake ya 100, England itagonja 23-12. Pa mayina awiriwa dziko limakumbukira kwambiri la Kolisi, ndipo n'zomveka. Koma pomwe Kolisi ankalowa mu timu mu 2013, adapeza munthu wakuda amene adali atakhala kale zaka zisanu pamalo omwe anthu ankati ndi a alimi achibunu okhaokha.

Gemu yomaliza idali pa 2 November 2019 ku Yokohama, ndime yotsiriza ya World Cup. England ndiyo inkapatsidwa mwayi, poti idali itangochotsa New Zealand. Mphindi zitatu zisadathe, nambala 3 wawo, Kyle Sinckler, adagundika mutu n'kutuluka. Adalowa Dan Cole, munthu wodziwa ntchito koma amene adakonzekera kusewera mphindi zochepa za kumapeto, osati gemu yonse. Beast adali ndi zaka 34. Zomwe adamuchita Vickery ali mnyamata adazibwereza pa Cole ali bambo. Scrum ya England inkabwerera m'mbuyo, oyimbira n'kukweza mkono, Handré Pollard n'kuika mpira pansi. Popita kokapuma zidali 12-6, ndipo mapointi onse a South Africa adali a mapenate.

Mukafufuza gemuyi pa YouTube, chomwe chimabwera msanga ndi try ya Makazole Mapimpi, yoyamba ya South Africa mu ndime yotsiriza ya World Cup, ndi ya Cheslin Kolbe akuzemba Owen Farrell. Zonse ziwiri zidabwera m'mphindi 15 zomaliza, miyendo ya Angerezi itafooka kale ndi kukankhidwa. Pa nthawiyo Beast adali pabenchi. Adatuluka chigawo chachiwiri chitangoyamba, Steven Kitshoff n'kupitiriza pomwe iye adasiyira. Ngati bandulo ikulolani, onerani chigawo choyamba chonse, maso anu akhale pa nambala 1, osati pa mpira. Muona mapazi ake asadasunthe, msana uli thyathyathya ngati tebulo, kenako kagwedezeko kakang'ono, ndipo anthu asanu ndi atatu ovala zoyera akuyamba kuterereka.

Gemu idatha 32-12. Patapita masiku anayi adalengeza kuti wasiya kusewerera dziko. Mu 2020 adakasewerako pang'ono ku Old Glory DC, ku America, koma Covid-19 idaimitsa ligiyo itangoyamba kumene, ndipo scrum ya ku Yokohama idatsala ngati yaikulu yomaliza yomwe adaikamo khosi.